Tamulembaniko dawe, watitopetsa m'madimba muno

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga munyuzi yanuyi ndidandauleko za udzu. Eee udzu basi, osati ndale. Ndikudziwa ena aseka kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake mpaka kulemba kalata chifukwa cha udzu, koma amene ali ndi dimba kuno ku Salima akangomva dzina loti dawe kuseka kumatha.

Ineyo ndimalima m'mbali mwa Linthipe, mabedi 24, tomato, anyezi, mpiru ndi chayinizi. Zambiri amayi akunyumba amakagulitsa ku Kamuzu Road, zina mavenda amadzapikula konkuno kupita nazo ku Senga Bay, fizi ya ana ndi sopo zimachokera pamenepo. Nde nkhani za ulimi ndimazitsata, munyuzi ndi pawailesi pomwe, ndipo chaka ndi chaka ndi feteleza, makuponi, ntchemberezandonda, kaufiti m'chimanga. Palibe cholakwika, zonsezo ndi zathu. Namasupuni naye amatchuka chifukwa zinyalala ndi maudzu a mu Shire zikatseka makina ku Nkula anthu a mtauni amagona mumdima. Koma dawe sazimitsa magetsi, amangodya ife akudimba mwakachetechete, nde palibe amamutchula.

Kwa amene simumudziwa, ndi kaudzu kooneka kaulemu, kobiriwira bwino, masamba ake onyezimira. Mukagwira tsinde lake nkulipotokola pakati pa zala mumva kuti lili ndi ngodya zitatu, silozungulira ngati udzu winawu. Pamwamba palibe choopsa. Nkhani ili pansi. Mukakumba bwinobwino mupeza timbatata takuda tolimba, kukula ngati nsawawa, mukatiswa ndi chikhadabo timatulutsa kafungo ngati ka mankhwala achikuda, ndipo timakhala tolumikizana ndi timizu tolimba ngati waya, kena apa kena apo ngati mikanda pa ulusi. Akatswiri a zaulimi kunjaku anamuika pa nambala wani pa maudzu ovuta dziko lonse lapansi, akuti amasautsa alimi m'maiko opitirira 90, nde musaone ngati ndi ulesi wa anthu a ku Salima.

Chimene chinandiwawa ine ndi chaka chomwe ndinafesa anyezi pa nazale mwezi wa April. Mbewu yogula yodula, bedi ndinalisalaza ngati tebulo, manyowa okwanira, kuthirira m'mawa ndi madzulo ndi kheni. Patatha sabata bedi lonse biliwiri, ine nkumanyada. Amayi akunyumba atabwera anangoima nkuyang'ana kanthawi, kenako akuti, "Abambo, kodi apa mwafesa anyezi kapena dawe?" Kuwerama kuti ndione, abale, anyezi anali mmodzimmodzi ngati alendo, mwini bedi anali dawe. Choipa china anyezi akamamera amaoneka ngati kaudzu komweko, nde nditatuma mnyamata wanga kuti akazule pochokera kusukulu anazula zonse, anyezi ndi dawe yemwe, nkudzandiuza monyadira kuti adadi ndamaliza mwayera. Sindinamukalipire, ndikanamukalipira chani. Patatha masiku anayi dawe anali atabwerera yense, anyezi sanabwerere.

Zaka zonsezo ine ndinkadziwa kuti mankhwala a udzu ndi khasu. Ukaona udzu palira, ukamera palira kachikena. Ndinkapalira Lolemba, pofika Lachisanu wamera kale ndipo wochuluka kuposa poyamba, mpaka ndinayamba kuganiza zoti mwina alipo akundichita chipongwe chifukwa malire a dimba langa tinakanganapo ndi anthu ena kalekale. Anandimasula ndi agogo ena amene dimba lawo lili kumtunda kwa langa, munthu wosapita kusukulu koma mabedi ake oyera ngati pabwalo la mfumu. Anandipeza ndikutema ndi khasu thukuta lili kamukamu, akuti, "Mwana wanga, ukumudzala ameneyo." Anakumba ndi kamtengo pang'onopang'ono mpaka anatulutsa mkanda wonse osaduka, timbatata 7 pa ulusi umodzi, koma komera kanali kamodzi kokha. Akuti ona, enawa ali mtulo, akudikira. Ukadula ulusiwu ndi khasu aliyense amadzuka nkukhala mwini khomo lake. Alangizi athu nditawafunsa pambuyo pake anavomereza kuti ndi zoona ndithu, kambatata kotsogola kamagoneka tinzake, ukangotilekanitsa tonse timaphuka. Ndiye tangoganizani, ine ndi khasu langa lakuthwa ndinkachita kumugawa mbewu, kenako nkumuthirira madzi kawiri patsiku, nkumuthiranso manyowa.

Ndipo tisanamizire mtsinje wokha kuti ndi umene umabweretsa, ngakhale madzi akasefukira nkusiya matope m'dimba chaka chimenecho dawe amabuka malo oti kunalibe. Ambiri timamunyamula tokha. Mbande zimene timapatsana kapena kugula pamsika zili ndi dothi lake, m'dothimo mumakhala kambatata kamodzi, basi kakwana. Manyowa timakokolola pansi m'mbali mwa khola pamene dawe wamera. Ine ndiye ndinachita zopusa zenizeni, dawe yense ndinkazula ndinkamuponya pa mulu wa kompositi poganiza kuti awola asanduka chakudya cha mbewu, osadziwa kuti masamba okha ndi amene amawola, timbatata timangokhala phee kudikira tsiku lopita kumunda pa wilibala. Winanso ndinkangomutaya m'ngalande pakati pa mabedi momwe mumadutsa madzi, mawa lake wagwira.

Zimene ndinayesa nkulephera ndi zambiri, ndingotchulako. Kuphimbira ndi udzu wouma kumathandiza pa chisoso ndi bonongwe koma dawe amabowola nkutuluka. Pepala lapulasitiki lakuda ndinayalapo bedi limodzi, analibowola ngati singano, pepala lonse timabowo tokhatokha. Wina anandiuza zothira mchere, mwamwayi sindinamvere, mnzanga amene anathira mchere pakona pa dimba lake mpaka lero pamenepo sipamera ndiwo.

Za mankhwala opopera ndiye ndikufuna ndinenepo bwino chifukwa apa ndi pamene anthu akutayira ndalama. Ndinagula tsiku la msika kwa mnyamata wina, mankhwala othiridwa m'kabotolo ka zakumwa, opanda lebulo, iye akuti amenewa amapha chilichonse bwana. Ndinabwereka sipuleya, kutunga madzi amatope mumtsinje momwemo, kupopera dawe amene ndinali nditangomusenga dzulo lake. Anachita chikasu nsonga zokha, patatha masabata awiri ali bwinobwino ngati ndamuthira yureya. Kaya anali mankhwala enieni kaya madzi a utoto, mnyamatayo sindinamuonenso. Koma olo akanakhala enieni ndinali nditalakwitsa ndekha. Mankhwala a glyphosate aja ambiri timangowatchula kuti Roundup amalowera m'masamba nkutsikira ku mizu, nde ukasenga kaye udzu alowera pati? Amafuna dawe ali ndi masamba okwanira, ali wobiriwira akukula, komanso madzi osungunulira akhale oyera chifukwa matope amagwira mankhwalawo nkuwafooketsa. Mvula isagwe ukangopopera. Komanso timbatata togona tija tosamera mankhwala satipeza, nde kupopera kamodzi sikumaliza, amafuna kubwereza akameranso. Chachikulu, sasankha, akakhudza tomato kapena mpiru wapita, nde ndi opopera pa bedi lopanda mbewu basi, osati pakati pa ndiwo zoti mawa anthu akagule ku msika. Zonsezi ndinazimva nditataya kale ndalama. Mankhwala ovomerezeka amakhala m'botolo lake lomata ndi lebulo, ndipo dziko lino lili ndi bungwe la Pesticides Control Board loona zimenezi, koma mlimi wa kumudzi akaona kabotolo kotchipa amangogula, poti malangizo a pa lebulo nawonso nthawi zambiri amakhala m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono.

Chimene chinandithandiza ine sichogula, ndi dzuwa lathu lomweli la ku Salima limene timalitukwana mu October. Timbatata ta dawe timapirira zambiri, olo madzi atadikha pamwamba pake sitifa msanga, koma kuuma sitipirira. Agogo aja anandiuza kuti sankha mabedi oipitsitsa, usadzalemo kanthu, usathiremo olo dontho la madzi, ugaule mozama zibuma zikuluzikulu uzisiye choncho osaphwanya. Timbatata tambiri timakhala m'dothi lapamwamba, kuzama kwake ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, nde ukatembenuza timabwera poyera. Pakatha sabata utembenuzenso, kenako kachitatu, kuti kalikonse kalawe dzuwa masabata awiri kapena atatu. Ndinachita zimenezo pa mabedi 8. Madzulo dzuwa likapepa ndinkatenga ana anga ndi a achimwene, aliyense kachitini m'manja kutola timbatata, wodzaza chitini ndimamugulira mandasi, ntchito inayenda ngati masewera mpaka ena ankabera potola m'dimba la eni ake kuti chitini chidzadze msanga. Tonse tinkatiyanika pa lata lakale padzuwa, tikauma gwa nkutentha. Amene amaweta nkhumba akhoza kuzipatsa, zimatikonda kwabasi, zimachita kufukula zokha ndi mphuno.

Kunena zoona zimawawa kusiya bedi lili mbee mu October pamene madzi alipo ndipo anzako akukolola. Amayi akunyumba sanagwirizane nazo poyamba, akuti mabedi 8 onse tidya dzuwa? Nchifukwa chake sungachite dimba lonse kamodzi, umagawa, chaka chino mbali iyi chaka chamawa inayo. Komanso mabedi a kumunsi kwenikweni kufupi ndi madzi dothi lake siliuma olo kutenthe bwanji, kumeneko ndimachita kunyamula zibuma kuziika pa mzere wokwera kuti mphepo izipita pansi, ndipo sizitheka bwinobwino ngati kumtunda.

Mvula itagwa mabedi amenewo sindinawasiye pabwalo. Dawe amadana ndi mthunzi, mukaona pansi pa mtengo wa mango wa masamba ambiri sachita bwino. Nde ndinadzalamo mbatata mothinana, kwina maungu ndi khobwe woyanga, bedi limodzi kalongonda, zonse zophimba nthaka msanga. Mbatata ndi imene inagwira ntchito koposa, ndipo kholowa tinadya, mbatata tinagulitsa, nde sikuti malowo anangogona. Pofika nthawi yobwezeramo ndiwo dawe anali wapatalipatali woti utha kumuwerenga.

Wotsalayo ndiye amafuna khama la sabata ndi sabata. Akangotuluka ali ndi masamba atatu kapena anayi ndimamuzula, osadikira kuti akule ndione bwino, chifukwa akakhala mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka amayamba kuika timbatata tatsopano ndipo ntchito yonse ija yabwerera pambuyo. Ukamamuzula ali wamng'ono mobwerezabwereza kambatata kaja kamatha mphamvu poti chakudya chake chikungotuluka osabwerera. Pozula ndinasiya khasu, ndimafewetsa ndi madzi nkulowetsa foloko yolimira kapena kachitsulo kosongoka kuti atuluke ndi kambatata kake. Anyezi ndi karoti, poti masamba ake sapanga mthunzi, ndimadzala m'mabedi oyeretsetsa okha. Mbande ndimafesa ndekha tsopano, za kwa anzanga ndikalandira ndimasasa dothi lonse nkuona mizu. Kapinga naye khalidwe lake ndi lomweli, ukamudula timadulidwe tonse timagwira, nde dzuwa lomwelo ndi limene limamupha.

Sindikunama kuti dawe anatheratu kwanga, alipo, makamaka m'malire. Aneba anga a mbali ya kuzambwe amakhala ku Lilongwe, dimba analisiyira mnyamata waganyu amene amangosenga pamwamba abwana akamabwera, nde dawe wawo amayenda pansi kulowa kwanga ngati alibe malire. Ndinakumba kangalande kozama m'malire monse ndipo ndimayenderamo ndi fosholo, komabe ndi ntchito yoti tikanagwirizana tonse a m'dambo muno mwezi umodzi bwenzi itapepuka. Ndinakayitula nkhaniyi kwa amfumu, anandimvera bwino, koma pamsonkhano anthu anali ndi changu ndi nkhani ya makuponi.

Pempho langa akonzi ndi loti tumizani mtolankhani wanu adzaone madimba a kuno, ayambire Linthipe apite mpaka ku Bua ku Nkhotakota, afunse alimi za dawe amve okha. Kuno ku Salima tili ndi malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitala ndi ku Lifuwu, tili ndi ofesi yaikulu ya zaulimi ya Salima ADD, akatswiri alipo, akafunseni atifotokozere m'Chichewa chomveka pa tsamba lanu la ulimi, makamaka za mankhwala ati amene amagwira dawe, muyezo wake ndi nthawi yake, anthu asiye kugula za m'timabotolo. Ndipo muzilemba nkhani imeneyi mu September anthu asanadzadze mabedi onse, osati mu January pamene dzuwa lapita kale ndipo dawe ali m'maondo.

Mtolankhaniyo akabwera asavale nsapato zabwino, kumunsi kuja nkonyowa. Adzandipeza ndikugaula mabedi amene ndinawasiya chaka chatha, lata la timbatata lili pompo adzajambule.

Mlimi wa kudimba,
Linthipe, Salima