Tikaweruka tiziwerukadi, ofesi isatitsatire kunyumba pa WhatsApp

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanuli, mwina alipo anzanga amene zikuwachitikira ngati ine koma akungofera mumtima. Ine ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina yogulitsa katundu mopikulitsa ku Limbe, dzina sinditchula, ndipo ndimakhala ku Bangwe. Pa pepala ndimalowa 7:30 mmawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Loweruka timaweruka 12 masana. Mukawonkhetsa bwinobwino n'kuchotsa ola la nkhomaliro, akukwana maola 47 pa sabata. Koma kunena zoona chiyambireni gulupu ya WhatsApp ya kuntchito kwathu ine sindinawerukepo ayi, thupi lokha ndi limene limakwera minibasi ya ku Bangwe, ofesi imakhala ili mchikwama momwemo ikungolira.

Lachitatu lina mwezi wathawu, cha mma 9 koloko usiku, magetsi atazima, tinali pa mkeka ndi mwana wanga wa Sitandade 5 tikulimbana ndi masamu, tikuwunikira ndi tochi ya pa foni yomweyo. Kenako ting! Abwana. "Madam invoisi ya kasitomala wa ku Thyolo ija inali ya zingati?" Ine kuima, foni mmanja, kupita kuchipinda kukafufuza mchikwama ngati ndinabwera ndi kabuku kanga, kuimbira mnzanga wa ku sitolo, naye osayankha, kuyambanso kusakasaka mma mesiji akale, ndiye kumbukirani kuti tochi ndi foni yomwe ija, mwana ndamusiya mumdima. Anangoti "amayi, ndiye ndidikire?" Ndinabwerera patatha mphindi ngati 40, ndinamupeza atagona pa kope pomwepo pensulo ili mmanja. Mawa lake ndinamva kuti galimoto yopita ku Thyoloyo inali yonyamuka Lachisanu. Panalibe chachangu chilichonse, abwana anangoikumbukira nkhaniyo ali pa sofa kwawo basi n'kuitaya kwa ine kuti isawasowetse tulo iwowo.

Imeneyo ndi yaing'ono. Chaka chatha tinataya azakhali kumudzi ku Mulanje, ndili msiwa ndi azimayi anzanga, foni n'kunjenjemera mchitenje. "Pepani ndi zovutazo madam. Password ya kompyuta yanu ija ndi chani?" Chipepeso ndi ntchito mu mesiji imodzi, eti. Ndipo chimene chimandinyansa mpaka lero ndi choti ndinatuluka panja, kukaima kuseri kwa khola pamene netiweki imagwirako, n'kuyankha.

Kale bambo anga akaweruka ku esiteti ya tiyi kunali kuweruka ndithu, kapitawo akawafuna ankayenera kutuma munthu pa njinga, ndiye munthu sangatume njinga usiku chifukwa cha funso lopanda mchere. Pano kufunsa n'kwaulere, bando ya WhatsApp ya sabata ndagula ndine ndemwe ndi ndalama yanga, kutchaja ndalipira ndine, timatiki tiwiri tija tikangosanduka tabuluu ndiye kuti wapalamula, mmawa ukamva kuti "ndinaona munali online koma simunandiyankhe". Tinkalira mafoni apamwamba, ndiye walira mvula walira matope.

Koma Akonzi, lamulo lilipotu. Employment Act ya chaka cha 2000 imanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu, ndipo ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ngati ola ndi theka. Imanenanso kuti munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu, komanso tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ife ogwira masiku 6 pa sabata, 15 kwa ogwira masiku asanu. Ndiye ine wa maola 47 uja ndatsala ndi ola limodzi lokha, nanga maola onse amene ndimayankha mafunso usiku, Lamulungu potuluka mtchalitchi, ngakhale ndili pa tchuthi, akulembedwa mbuku liti? Palibe. Lamuloli linalembedwa nthawi imene WhatsApp kunalibe, limaona ngati ntchito imathera pa geti.

Maiko ena anaziona kale izi. Ku France kuyambira January 2017 makampani a antchito 50 kapena kuposa amayenera kukhala pansi ndi antchito awo n'kugwirizana za nthawi imene munthu ali ndi ufulu wosayankha za kuntchito. Portugal mu 2021 inafika poletsa mabwana kuvutitsa antchito nthawi yopuma pokhapokha patagwa zadzidzidzi zenizeni, ndipo Australia nayo inayamba zofananazo mu August 2024. Ena anena kuti izo ndi za azungu, ife kuno ntchito zikusowa, ukachita matama pa geti pali anyamata ndi atsikana ambirimbiri ndi ma CV awo mma envulopu a khaki. Zoona zimenezo, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba kuno osati mu gulupu muja. Ine ndekha sindingauze abwana kuti musandilembere usiku, ndili ndi lendi ndi fizi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. A MCTU, bungwe lalikulu la mabungwe oimira anthu apantchito, ndi a Unduna wa Zantchito, pa 1 May pamene mumayankhula za malipiro, muziikapo ndi nkhani iyi, ndi ovataimu yobisika imene palibe akuiwerenga.

Sikuti ndi nkhani ya ulesi. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi la zantchito la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu ogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata chiopsezo chawo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, ndipo anati mu 2016 mokha anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa cha maola otalika. Ife tikamva kuti uje wagwa ndi BP timathamangira kunena za mchere ndi mafuta, ena mpaka kuloza chala achibale, za kusapuma sititchula.

Ndisanamize abwana okha, nanenso ndili ndi mbali yanga. Tsiku lina mphwanga anandionetsa mu foni yanga ya Android pamene pamalembedwa Digital Wellbeing, pamaonetsa maola amene wakhala pa foni tsiku limenelo ndi pa chani. Ndinachita manyazi Akonzi. Abwana anali ndi gawo lawo inde, koma gawo lalikulu linali Facebook ndi TikTok, kuwerenga ma comment a anthu okangana za ndale ndi za mpira mpaka 12 koloko usiku, ine amene sindidziwa n'komwe kuti offside ndi chani. Kuwonjezera apo gulupu ya kwaya, ya banki mkhonde, ya makolo a kusukulu, ya amene tinamaliza limodzi Fomu 4, ya komiti ya ukwati umene unachitika kalekale koma gulupu ikadalipo anthu akungotumizirana maluwa a good morning.

Ndiye ndinayesa kanthu kena, miyezi isanakwane iwiri koma ndikuona kusintha. Ndinagula kafoni ka mabatani, nambala yake ali nayo ndi amayi kumudzi, amuna anga, mphwanga ndi aphunzitsi a mwana basi. Ikakwana 8 koloko usiku foni yaikulu ija ndimathimitsa data n'kuiponya mu kabati ya mbale, ndinagulanso tochi yakeyake yotchaja kuti masamu asamadalire foni. Masiku atatu oyamba dzanja limangopita lokha pa mkeka kufunafuna chinthu choti palibe, ngati munthu wosiya fodya. Abwana anafunsa, ndinawauza kuti batire ikumatha msanga ndi kuzima kwa magetsiku, Mulungu andikhululukire, koma ndi bodza limene aliyense kuno angakhulupirire.

Chodabwitsa n'choti ntchito yeniyeniyo ndi imene yapindula. Kumapeto kwa mwezi ndikamayanjanitsa ma risiti ndi za ku banki ndinkachita kubwereza katatu chifukwa cha tulo, kulemba 69 pamalo pa 96, kenako kutaya masana onse kusaka pamene ndalama yasowera. Mwezi wathawu zinagwirizana ulendo umodzi. Ku ofesi nakonso ndayamba kuika foni mu drowa kuyambira polowa mpaka 10 koloko, ntchito imene inkanditengera tsiku lonse ikumatha nkhomaliro isanakwane, chifukwa ukamawonkhetsa manambala foni n'kulira, ukabwerera umayambiranso pamwamba.

Kwa mabwana amene muwerenge izi, sitikukana ntchito. Sitolo ikapsa kapena akuba akathyola tiimbireni ngakhale 2 koloko usiku tibwera. Koma funso la invoisi likakubwererani muli pa sofa, lembani pa kapepala, mutifunse mawa 7:30, tidzakuyankhani bwino ndithu fayilo ili patsogolo pathu. Ndipo munthu akakhala pa maliro musiyeni alire.

Kalatayi ndalemba nthawi ya nkhomaliro, pa foni yomwe ija, ndipo mmene ndimafika apa mu gulupu ya kuntchito mwalowa kale mamesiji 6, sindinatsegule, chipisi changa chikuzizira.

Ine,
Mayi wa ku Bangwe, Blantyre