Kalata yothokoza kampani yogulitsa makina osungira deta

Harare

Okondedwa Akuluakulu a nthambi yothandiza makasitomala,

Tikuthokoza kwambiri chifukwa cha kabuku kofotokoza mawu a RAID (njira yogwirizanitsa madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati disiki imodzi) kamene mwayamba kuika m'katoni ya makina anu. Mawuwa amatchulidwa tsiku ndi tsiku m'maofesi muno mu Harare, koma ambiri amangowatchula osadziwa kuti akawamva molakwika amazula disiki yolakwika.

Mwachita bwino kunena mosabisa kuti RAID 0 si chitetezo. Striping yake imangodula deta m'tizidutswa, tinene ta 64 KB, n'kutimwaza pa madisiki awiri kapena kuposerapo kuti liwiro likwere. Imodzi ikafa, zonse zapita. Mirroring ya RAID 1 ndi yosavuta: madisiki awiri amalembedwa zofanana, theka la malo mwalipereka.

Pomwe mwatigwira mtima ndi pa parity, deta yowonjezera imene imathandiza kubwezeretsa zomwe zinali pa disiki yakufa. Madisiki anayi a 4 TB mu RAID 5 amasunga 12 TB, chifukwa malo okwana disiki imodzi amatengedwa ndi parity, yomwe imagawidwa pa madisiki onse. Omwewo mu RAID 6 amasunga 8 TB, koma angafe awiri deta ili bwinobwino. Ogula amadandaula ndi kusiyana kwa 4 TB kumeneko mpaka atamva tanthauzo la degraded, mmene makina amakhalira disiki ikafa. Disiki imodzi ikafa mu RAID 5, makina amapitiriza kugwira ntchito ngati palibe chachitika, pomwe chitetezo chatheratu. Hot spare (disiki yapadera yongodikirira m'makinamo) ikakhalapo, rebuild (ntchito yomanganso deta ya disiki yakufayo pa disiki ina) imayamba yokha. Ikasowa, makina amadikira munthu. Pa rebuild, controller (chipangizo choyang'anira madisikiwo) imawerenga 12 TB yonse ya madisiki atatu otsalawo, kwa maola ambiri. Tsono opanga madisiki wamba amalemba okha kuti bit (kachidutswa kochepetsetsa ka deta) imodzi mwa 100 thililiyoni ikhoza kukanika kuwerengeka, ndipo chiwerengero chimenecho ndi pafupifupi 12.5 TB, kotero rebuild ikhoza kukumana ndi vutoli. Kuonjezera apo, madisiki ogulidwa tsiku limodzi amakalamba limodzi. N'chifukwa chake tikugwirizana nanu kuti pa madisiki akuluakulu RAID 6 kapena RAID 10 (mirroring ndi striping pamodzi) ndiyo yoyenera.

Nkhani ya write hole mwailembera ife a kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika. Akathima deta italembedwa koma parity yake isanalembedwe, ziwirizo zimasiyana mwakachetechete, ndipo vutolo limadzaonekera pa rebuild. Njira yolembera ya write-back imauza seva kuti zalembedwa zikadali mu cache (posungira deta mongoyembekezera pa controller), ndiye imafunika batire yamoyo pa controller. Batire ikafooka, controller zambiri zimabwerera zokha ku write-through, yomwe imadikira kuti deta ifike pa disiki penipeni, makina n'kuyamba kuchedwa. Wina amaona kuchedwako n'kukakamiza write-back, m'malo mosintha batire. UPS, batire yopatsa makina onse mphamvu magetsi akathima, imathandiza, koma silowa m'malo mwa batire imeneyo.

Tili ndi pempho limodzi pa kabuku kotsatira. Pa tsamba la hot swap (kusintha disiki makina akugwira ntchito) onjezerani ndondomeko iyi: yambani mwatsimikiza kuti backup ilipo ndipo ikutseguka, pakuti fayilo yofufutidwa mwangozi imafufutika pa madisiki onse nthawi imodzi, yatsani kanyali ka disiki yakufayo kudzera mu pulogalamu ya controller, lembani nambala ya malo ake ndi serial number, zulani imodzi yokhayo, ikani yatsopano yosachepera kukula kwa yakaleyo, musakhudze ina mpaka rebuild itafika 100%.

Ngati kungatheke, tsamba limeneli likhalenso pa kapepala komata pachitseko cha kabati ya seva.

Ife anu,
Amisiri a makompyuta olankhula Chichewa, Harare