Anyamata a makasu aja tisawaiwale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndikumbutse anzanga za zivomerezi zimene zinagwedeza Karonga mu Disembala 2009. Chachikulu chinafika pa mlingo wa 6.0. Linali dzinja, koma palibe amene ankalimba mtima kugona m'nyumba yong'aluka, tonse tinali panja, mvula ndi udzudzu zikutisinthana.

Matenti a Red Cross anafika, ndipo timayamika mpaka lero. Komatu usiku umene makoma ankagwa, amene anafukula anthu pansi pa njerwa anali anyamata a m'mudzi momwemo, ndi makasu ndi tinyali ta mafoni. Gogo wina amene khoma linamuphwanya mwendo anamutengera kuchipatala pa njinga yakapalasa, wina akukankha, wina atamugwirira kumsana. Kutacha, amayi a mvano anasonkha ufa wawo womwe n'kuteleka mphika waukulu pansi pa mtengo wa mango. Alawansi sanaitchule n'komwe.

Pempho langa ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'lakuti makomiti a m'midzi aziphunzitsidwa chithandizo choyamba ngozi isanagwe, ndipo aziwapatsa machira ndi mafosholo. Anyamata aja ankakoka ovulala mmene angathere, osadziwa kuti wothyoka msana sanyamulidwa chisawawa.

Ine wowerenga wanu,
Karonga