Opita kukagwira ntchito ku America kuchokera ku Canada akonzekere zimene zili tsidya linalo

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi nzika za Canada zimene zapeza ntchito ku United States ndipo zikulongedza katundu, chifukwa ambiri amaika mtima wonse pa chilolezo cha ntchito n'kuiwala kuti zovuta zenizeni zimayamba munthu atawoloka kale malire.

Chilolezo chimene ambiri amadalira ndi cha TN, chomwe chinabwera ndi pangano la zamalonda la NAFTA mu 1994 ndipo chinapitirira pamene pangano la USMCA linalowa m'malo mwake pa 1 Julayi 2020. Ubwino wake ndi wakuti nzika ya Canada siyenera kukaima pamzere ku ofesi ya kazembe. Imangofika pachipata cha malire, monga pa Peace Bridge pakati pa Fort Erie ndi Buffalo, kapena pabwalo la ndege la Toronto Pearson pamene akuluakulu a ku America amaona zikalata anthu asanakwere, ili ndi pasipoti, kalata ya abwana, satifiketi ya maphunziro ndi ndalama zolipirira. Chilolezochi chimafika zaka zitatu ndipo chimatheka kuwonjezedwa. Koma dziwani kuti ndi cha nzika zokha. Amene ali ndi chilolezo chokhala ku Canada mpaka kalekale koma sanalandire unzika, khomo limeneli silawo.

Kalata ya abwana ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Ntchitoyo iyenera kukhala pamndandanda wa ntchito pafupifupi 60 zotchulidwa m'panganoli, ndipo kalatayo ifotokoze zochita za tsiku ndi tsiku m'njira yogwirizana ndi digiri ya munthuyo. Mlamu wanga, yemwe ndi injiniya, anabwezedwa pamalire galimoto itadzaza mabokosi mpaka kudenga, chifukwa kampani yomulemba inaika dzina la udindo lomveka bwino koma losapezeka pamndandandawo. Analembetsa kalata ina n'kuwoloka patapita sabata, lendi ya nyumba yatsopano ikuwerengedwa kale. Musatulutse katundu m'nyumba chilolezo chisanakhale m'manja.

Mukaloledwa, onani pa intaneti chikalata cha I-94 tsiku lomwelo, popeza tsiku lolembedwa pamenepo ndilo malire a nthawi yanu. Kumbukiraninso kuti TN imakumangirirani kwa abwana amodzi: mukasintha kampani mupemphanso china, ndipo ntchito ikatha mwadzidzidzi muli ndi masiku osapitirira 60 oti mupeze ina kapena mubwerere. Akazi anu kapena amuna anu, pamodzi ndi ana osakwana zaka 21, amalowa ndi chilolezo cha TD, chomwe chimawalola kuphunzira koma osati kugwira ntchito. Banja lozolowera malipiro awiri liwerengere bwino zimenezi lisanavomere ntchitoyo. Ndipo pamalire musanene kuti mukusamukiratu, pakuti TN ndi ya wokhala kwa kanthawi, mosiyana ndi chilolezo china cha ntchito cha H-1B chimene chimalola munthu kufunafunanso chilolezo chokhazikika.

Nkhani ya chipatala ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. Thandizo laulere la m'chigawo chanu silikutsatani mpaka kalekale; ku Ontario, mwachitsanzo, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma yotchedwa OHIP imafuna kuti munthu akhale m'chigawomo masiku 153 pa miyezi 12 iliyonse. Inshuwalansi ya kuntchito nayo nthawi zina siyamba tsiku loyamba, ndipo lamulo la ku America limalola abwana kudikiritsa wantchito mpaka masiku 90. Funsani tsiku lenileni limene idzayambe, ndipo mugule inshuwalansi yongoyembekezera, chifukwa kumeneko usiku umodzi m'chipatala ungathe kudya ndalama zimene munasunga chaka chonse.

Pa zamisonkho, kambiranani ndi katswiri wodziwa malamulo a mayiko onse awiri musananyamuke. Bungwe la misonkho la Canada limatenga masheya ena ngati kuti mwawagulitsa tsiku limene mwasamuka, ndipo limafuna msonkho pa phindu lake. Akaunti ya RRSP, yosungiramo ndalama za popuma ntchito, imatetezedwa ndi pangano la misonkho la mayiko awiriwa, koma akaunti ya TFSA, yomwe ku Canada siilipiridwa msonkho, bungwe la misonkho la ku America la IRS siliizindikira choncho. Ngati ndalama zonse zimene mwasiya m'mabanki a ku Canada zapitirira madola 10,000 a ku America, muyenera kuzilembetsa ku boma la America chaka ndi chaka pa fomu ya FBAR.

Chomaliza, mbiri yanu yabwino yobweza ngongole nthawi zambiri imatsala ku Canada, moti eni nyumba angakufunseni chikole chachikulu. Katengeni nambala ya Social Security, imene boma la America limadziwira nayo wantchito aliyense, msanga, ndipo mufunse banki yanu ngati ili ndi nthambi ku America, monga zilili ndi mabanki a TD ndi RBC, kuti mudzatsegule akaunti musanafike tsiku lolandira malipiro oyamba.

Ine wowerenga wanu,
Windsor, Ontario