Gogoda si muyeso wa khalidwe la mayi

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi anthu amene akunyoza amayi ovala nsapato za gogoda ngati kuti ndiwo akuononga chikhalidwe chathu. Mayi anga anakula m'nthawi ya lamulo la mu 1973, lomwe linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo popita kutchalitchi ankanyamula nsapato m'manja kuti zingathe msanga. Lero ine mwana wawo ndimavala gogoda kuntchito, komabe ndikafika kumudzi ndimamanga chitenje ndi kugwada popereka madzi kwa apongozi anga.

Chondipweteka mtima ndi anyamata oitanira minibasi m'tauni muno, omwe amakuwiza mayi wongodzidutsira chifukwa cha nsapato zake. Ndikupempha apolisi ndi atsogoleri a m'misika kuti azilanga okuwiza oterewa.

Mayi wokhudzidwa,
Kasungu