Ntchito ya anamwino osamalira odwala a transplant ilembedwe bwino, iunikidwenso mwachilungamo

A Mkonzi,

Tipatseni danga tilankhule ndi anamwino anzathu, komanso ndi amene amaunika zidule za kafukufuku zopita ku misonkhano ya zaumoyo.

Kuno ku Malawi sitinayambe kuchita stem cell transplant, chithandizo chomwe wodwala amaikidwa maselo opanga magazi, ake omwe kapena a munthu wina, mafuta a m'mafupa ake atafooketsedwa kaye ndi mankhwala amphamvu. Odwala khansa ya m'magazi ndi ana a sickle cell amene apeza mwayi amapita kunja, monga ku India ndi South Africa, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuthandiza ana a sickle cell mwa njira imeneyi mu 2023. Koma akabwerako amafikira m'manja mwa namwino wa ku Gulupu kapena wa chipatala cha kwawo. Ndi iyeyo amene ayenera kuzindikira zidzolo pakhungu, kutsegula m'mimba kosalekeza kapena maso achikasu, zizindikiro zoti maselo a wopereka ayamba kumenyana ndi thupi la wolandira, vuto lotchedwa graft versus host disease. Bungwe la ku Ulaya loona za chithandizochi la EBMT, lomwe linayamba mu 1974, lili ndi gulu la anamwino, ndipo msonkhano wake wa chaka ndi chaka umalandira zidule zawo. Momwe wodwala wotere amasamalidwira kutali ndi chipatala chomwe chinamuika maselowo, amene tingafotokoze bwino ndi ife. Chotilepheretsa kawirikawiri ndi kalembedwe.

Chidule chimakhala ndi funso limodzi. "Chisamaliro cha odwala a transplant ku Malawi" si funso, ndi mutu wa buku lonse. Funso ndi ili: wodwala amene asilikali ake a m'magazi otchedwa neutrophil atsika pansi pa 500 pa microlitre imodzi ya magazi akatentha thupi kufika madigiri 38.3, kapena 38.0 kwa ola lathunthu, zimatenga mphindi zingati kuti alandire jakisoni woyamba wa antibiotic? Muyezo wodziwika ndi mphindi 60, chifukwa kwa munthu wopanda asilikali tizilombo timafalikira m'magazi m'maola ochepa. Funso lotere namwino angaliyankhe ndi kaundula wa m'wodi ndi tchati cha mankhwala, popanda makina okwera mtengo.

Mawu oyamba akhale ziganizo ziwiri basi. Ambiri amathera malo awo pofotokoza kuti transplant ndi chiyani, kuiwala kuti wowerenga amaigwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Malo ambiri apite ku njira yomwe munatsata ndi zomwe munapeza. Nenani mwezi ndi chaka chomwe munayamba ndi kumaliza, odwala ati munawawerengera, ati munawasiya ndipo chifukwa chiyani, ndiponso wotchi munayamba kuiwerenga liti: pamene wodwala anafika pachipata, kapena pamene namwino anamuyeza kutentha? Ziwirizi zikhoza kusiyana ndi maola, ndipo wounika wodziwa ntchito amayang'ana pomwepo.

Pa zotsatira m'pamene zidule zambiri zimagwera. Kulemba kuti zotsatira zidzaperekedwa pamsonkhano n'kupempha kukanidwa, pakuti palibe choti wounika aweruze. Kulemba peresenti yokhayokha n'kubisa. Tiyerekeze kuti munali ndi odwala 10 ndipo 6 analandira mankhwala m'nthawi yake: lembani 6 mwa 10, kenako 60 peresenti. Musadalirenso avereji pa nkhani ya nthawi, chifukwa wodwala mmodzi amene anadikira usiku wonse amakoka nambala ya onse. Ndandalikani mphindizo kuyambira zochepa, perekani ya pakati, yomwe amati median, pamodzi ndi yotsikitsitsa ndi yokwereratu. Mafayilo amene munapeza nthawi isanalembedwe muwatchule kuti ndi angati. Kuwabisa kumaoneka, pakuti manambala sagwirizana.

Mawu ngati "ambiri", "kwambiri" ndi "anapeza bwino" alibe malo pamene sikelo ilipo. Zilonda za m'kamwa zobwera ndi mankhwala a khansa zili ndi sikelo ya WHO kuyambira 0 mpaka 4: pa 3 wodwala amangomwa zamadzimadzi, pa 4 sangadye kapena kumwa chilichonse. Ngati mukufufuza za kuyamwa ayezi panthawi yolandira mankhwala amphamvu a khansa otchedwa melphalan, njira yomwe imachepetsa zilondazi pofinya timitsempha ta m'kamwa, nenani amene ankayeza m'kamwa, kangati patsiku, ndipo ngati anaphunzitsidwa sikelo yofanana. Matenda olowera pa kachubu ka pachifuwa, kamene kamalowetsedwa mu mtsempha waukulu wa magazi, amawerengedwa pa masiku 1,000 alionse omwe kachubuko kakhala m'thupi, osati pa chiwerengero cha odwala chokha.

Mapeto asapitirire zomwe manambala anena. Odwala 10 a m'wodi imodzi sangatsimikize kuti njira yanu ndiyo inapulumutsa miyoyo. Angasonyeze pamene nthawi ikutayikira, kaya podikira dokotala asaine, kaya pokatenga mankhwala ku famase usiku, ndipo zimenezo n'zokwanira kukhala chidule chabwino.

Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ya dziko lonse yotchedwa NHSRC, chipezeke musanatsegule fayilo ngakhale imodzi. Tikutsindika nkhani ya chinsinsi chifukwa odwala a transplant kuno ndi owerengeka. Mukalemba zaka zake, boma lochokera ndi dziko lomwe anapita, mwamutchula dzina ngakhale simunalilembe. Pofotokoza za wodwala mmodzi pamafunika chilolezo cholembedwa cha iye mwini, kapena cha makolo ngati ndi mwana. Werenganinso malamulo a msonkhanowo: malire a mawu, nthawi zambiri mazana awiri ndi theka mpaka mazana asanu, fomu ya pa intaneti simalola kuwadumpha, ndipo kumene amaunika mobisa mayina, dzina la chipatala lichotsedwe m'kati mwa chidule.

Tsono kwa inu ounika. Chidule chilichonse chiwerengedwe ndi anthu awiri, aliyense payekha, ndi pepala la malikisi lomwe olemba analiona asanatumize: funso ndi lomveka, njira ikuyankha funsolo, manambala akugwirizana, mapeto akuchokera m'zotsatira, ndipo namwino angasinthe chiyani pantchito yake akamva. Malikisi akasiyana kwambiri aitanidwe wachitatu. Mukazindikira kuti chidulecho n'cha wophunzira wanu kapena cha m'wodi yanu, chibwezeni chikaunikidwe ndi wina. Mmodzi mwa awiriwo akhale namwino, chifukwa amene sanasinthepo bandeji ya kachubu ka pachifuwa akhoza kupeputsa kafukufuku wa momwe makolo amaphunzitsidwira kukasamala kunyumba. Chingerezi chopunduka chisagwetse ntchito yolongosoka, ndipo kuchepa kwa odwala pakokha si chifukwa chokanira pa chithandizo chosowa ngati ichi, malinga wolemba wanena poyera.

Pempho lathu kwa okonza misonkhano ya kafukufuku m'dziko muno n'lakuti chidule chokanidwa chizibwerera ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena chomwe chinaperewera, ndipo achikulire a m'mawodi azipatsa namwino wolemba maola angapo pa ndandanda ya ntchito, kutatsala mwezi kuti tsiku lotsekera kulandira zidule lifike, kuti asamalembe ali pa shifiti ya usiku.

Ndife,
Anamwino ndi aphunzitsi a unamwino,
Blantyre