Za dripu ya bambo a ana akowo

Mwana wanga,

Voice note yako ija yonena za khansa ya bambo a ana akowo ndi dripu ya immunotherapy akuwapatsayo ndaimvera katatu, ukumveka kuti sukugona. Ndiye ndati bola ndilembe, pa foni timangolira nkhani osatha.

Dzina loti immunotherapy lisakuopse. Ife nthawi imene ndinkagwira ntchito ku wadi tinkangodziwa chemo, yothothola tsitsi ija, imene imapha maselo okula msanga osasankha abwino kapena oipa. Iyi ndi ina. Asilikali a m'thupi aja ali ngati galu wolusa womangidwa pa tcheni, ndipo khansa ndi yochenjera, imadziwa pogwira kuti tcheniyo isamasuke, madokotala amati PD-1. Pembrolizumab, mankhwala a mu dripu akuwapatsayo, ntchito yake ndi kumasula galu basi, kuluma aluma yekha galuyo. Amene anatulukira nzeru imeneyi, James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan, analandira Nobel mu 2018. Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America uja, khansa yake ya pakhungu inafika ku chiwindi mpaka ku ubongo mu 2015, anamuchita opaleshoni, radiation, n'kumupatsanso mankhwala omwewa, wadzamwalira mu December 2024 ali ndi zaka 100. Sikuti aliyense zimamuyendera choncho ayi, ena sawagwira n'komwe, sindikufuna ndikunamize ine.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi, galu womasula amalumanso a pakhomo. Matumbo, mapapo, chiwindi, thyroid, khungu. Akangoyamba kutsegula m'mimba, kapena kachifuwa kouma ndi kubanika, ziwengo, kufooka kosadziwika bwino, imba nambala imene anakupatsani kuchipatala ija tsiku lomwelo, kaya ndi usiku, kaya padutsa miyezi chilandirireni dripu yomaliza. Azibambo ndimawadziwa ine, malemu bambo ako ankachoka kuchimbudzi kachisanu n'kumati ndi kam'mimba chabe ndadya mango. Usawagulire mapilitsi oletsa kutsegula ku shopu n'kukhala chete, madokotala akadziwa msanga amaziziritsa ndi ma steroid zisanafike poipa.

Azakhali ako anabwera Loweruka ndi jumbo ya ufa wa chammwamba ndi timabotolo tiwiri ta immune booster togula mutauni, ati ndipatsire munthu wopita ku UK, ati ndi zomwezo zokweza chitetezo. Ndalandira mwaulemu, zili pamwamba pa kabati, sizikwera ndege zimenezo. Si zofanana olo pang'ono, ndipo chilichonse chakumwa munthu akakupatsani uko, kaya ndi wa kutchalitchi, muyambe mwafunsa dokotala.

Dripuyo ndi ya milungu 3 iliyonse eti, yokha siichedwa, mphindi ngati 30, chotopetsa ndi kudikira zotsatira za magazi. Uzinyamula kabuku kolembamo zimene wawaona nazo sabata imeneyo, chifukwa iwowo akafunsidwa angoti ndili bwino. Iwenso uzidya.

Undiuze tsiku la sikani.

Ndine mayi ako.